Gasi m'malo mwa petulo: masamu ayambe, sipanala pambuyo

Pa Chiponde, pamene msewu wochokera ku Mangochi umathera pa chipata cholowera ku Mandimba m'dziko la Mozambique, galimoto zimene zimagwira ntchito yolemetsa si zatsopano ayi. Ndi ma Hilux, ma Land Cruiser, ma Pajero ndi ma Nissan amene anadya zaka pamsewu. Ndi zimenezi zimene zimalowa m'midzi ya kwa Jalasi ndi njira ya ku Katuli kukatenga nandolo, soya ndi chimanga, ngakhale m'dzinja pamene galimoto yaing'ono imatitimira pa khwawa loyamba. Vuto lake ndi limodzi: zimamwa mafuta. Mafutawo akasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, mu 2022, komanso kumapeto kwa 2024, mwini galimoto amagona pamzere ku Mangochi kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo umene wogulitsa wadzuka nawo tsiku limenelo.

N'chifukwa chake nkhani ya gasi imabwerabwera m'macheza a eni galimoto. Wina anamva kuti ku Maputo galimoto zikuyendera gasi, wina anaona ku Johannesburg, wina anaonera kanema pa foni. Funso limakhala lomwelo: kodi galimoto yakale yamphamvu, yokoka ndi matayala onse anayi, ingasinthidwe kuti iziyendera gasi ngati wophikira uja? Yankho ndi lakuti ingathe, ndipo m'maiko monga Turkey, Poland, Italy ndi South Korea galimoto mamiliyoni zimayenda motero. Koma kutheka kwa chinthu ndi kupindula nacho ndi nkhani ziwiri. Kwa munthu wa pa Chiponde, chimene chingamupindulitse kapena kumulowetsa pansi sichili m'galaja. Chili pa mtengo wa kilogalamu ya gasi ndi pa mtunda wokafika kumene angamwetse.

Choyamba kuchotsa chisokonezo. Gasi wa galimoto za ku Maputo ndi ku Matola, amene kampani ya Autogás imamwetsa, si wophikira uja. Ndi gasi wachilengedwe wochokera pansi pa nthaka ku Pande ndi ku Temane m'chigawo cha Inhambane, amene amamupanikiza mwamphamvu kwambiri m'mathanki okhuthala. Amamutcha CNG, ndipo ndi yemweyo amene ma bajaji ndi mataxi ambiri a ku Dar es Salaam akugwiritsa ntchito. Gasi wophikira ndi LPG, wosakaniza propane ndi butane. Iyeyu akamupanikiza pang'ono amasanduka wamadzimadzi. Thanki ya mtundu wina siingalandire gasi wa mtundu winawo, ndipo zipangizo zake sizibwerekana. Munthu amene walonjezedwa zipangizo "zochokera ku Maputo" afunse kaye kuti ndi za gasi uti.

Chachiwiri ndi injini. Gasi amafuna moto wa pulagi kuti ayake, choncho injini imene ingayendere gasi payekha ndi ya petulo basi. Apa ndi pamene eni galimoto ambiri a kuno nkhani imawathera, chifukwa galimoto zambiri zakale zamtunduwu ndi za dizilo: Hilux ya injini ya 2L, 3L kapena 5L, Land Cruiser ya 1HZ, Patrol ya TD42, Pajero ya 4D56 kapena 4M40. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira, mafuta amayaka okha chifukwa cha kupanikizika. Ilipo njira yothirira gasi pang'ono mu mpweya wolowa mu injini ya dizilo, koma dizilo amafunikabe nthawi zonse, ndipo makaniko akapitiriza muyeso injini imagogoda mpaka mapisitoni kuwonongeka. Pa injini imene yayenda kale mtunda wautali, kumeneko n'kuseweretsa chuma. Zimene zimalandira gasi bwino ndi za petulo monga Hilux ya 4Y, 22R kapena 3RZ, Land Cruiser ya 3F kapena 1FZ, Patrol ya TB42, Pajero ya V6 ndi Land Rover ya V8. Zimenezi ndi zomwenso zimatchuka ndi ludzu, n'chifukwa chake ku Australia zambiri zinkasinthidwa.

Mmene zimagwirira ntchito si zovuta kumva. Gasi amasungidwa ali wamadzimadzi mu thanki yachitsulo yomangidwa kuchasisi kapena kumbuyo. Kuchoka apo amayenda mu paipi kufika pa kachipangizo kotchedwa vaporiser, kamene kamatenthedwa ndi madzi a mu redieta. Mmenemo gasi amasanduka mpweya ndipo mphamvu yake imatsitsidwa. Pa injini ya kabuleta, mpweyawo umalowera pa mixer, kamphete koikidwa pakamwa pa kabuleta. Pa injini ya mainjekita, njira yabwino ndi kuika mainjekita ena a gasi ndi kakompyuta kake. Pafupi ndi chiwongolero pamakhala switchi yosinthira. Thanki ya petulo siichotsedwa. Galimoto imaliza ndi petulo m'mawa, madzi akatentha imasinthira ku gasi. Ichi ndiye chabwino chenicheni cha kusinthaku: galimoto imakhala ndi mathanki awiri, ndipo mtundu umodzi wa mafuta ukasowa imayendera winawo.

Tsopano masamu, amene ayenera kuchitika munthu asanalipire kanthu.

Petulo amagulitsidwa pa lita, pamene gasi m'dziko muno amagulitsidwa pa kilogalamu. Lita imodzi ya gasi wamadzimadzi imalemera pang'ono kuposa theka la kilogalamu, choncho kilogalamu imodzi ndi pafupifupi malita awiri. Ogulitsa zipangizo amakonda kuimira pamenepa. Amagawa mtengo wa kilogalamu pawiri, n'kuonetsa kuti lita ya gasi ndi yotsika kwambiri kuposa lita ya petulo. Chimene satchula n'chakuti lita ya gasi ili ndi mphamvu yochepa, ndipo galimoto imamwa malita ambiri a gasi pa mtunda womwewo. Mphamvu zikayerekezedwa bwino, kilogalamu imodzi ya gasi imagwira ntchito ya malita pafupifupi 1.4 a petulo. Nambala imeneyi ndi yofunika kuilemba m'kabuku ka ndalama. Mtengo wa lita ya petulo uchulukitsidwe ndi 1.4. Ngati kilogalamu ya gasi ikudula kuposa yankholo, gasi ndi wodula kuposa petulo, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Mwachitsanzo, ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pa lita. Kuchulukitsa ndi 1.4 kumapereka K3,542. Pa nthawi imeneyo, gasi akanayenera kutsika pansi pa K3,542 pa kilogalamu kuti mwini galimoto ayambe kuona kusiyana. Mitengo yasintha chiyambire pamenepo, ndipo MERA imalengeza mtengo wa gasi monga imachitira ndi wa petulo, choncho masamuwa achitike ndi mitengo ya tsiku limenelo.

Kutsika kokha sikokwanira, pakufunika kutsika kwambiri. Ulendo wochoka pa Chiponde kutsika ku Mangochi ndi kubwerera ndi makilomita opitirira pang'ono 100. Galimoto imene imamwa malita 15 a petulo pa makilomita 100 idzafuna makilogalamu pafupifupi 10.7 a gasi. Pa mtengo wa K2,530 uja, petulo wa ulendowo ndi K37,950. Gasi atakhala pa K3,000 pa kilogalamu, nambala yongoyerekeza, ulendo womwewo ndi K32,100. Zopulumutsa ndi K5,850. Ngati zipangizo, kuitanitsa, msonkho ndi makaniko zonse pamodzi zadya K1,500,000, nambalanso yongoyerekeza, pakufunika maulendo oposa 250 kuti ndalamayo ibwerere. Munthu woyenda katatu pa sabata adikira kupitirira chaka ndi theka asanaone tambala ya phindu, ndipo apo n'kuti injini sinavute, gasi sanakwere, ndipo galimoto sinaime. Ndalama yomweyo itaikidwa mu nandolo nthawi yokolola ikhoza kutembenuka kangapo m'miyezi imeneyo. Kumaiko kumene gasi wa galimoto anafala, anafala chifukwa maboma anamuchepetsera msonkho mpaka lita yake kumagulidwa pa mtengo wotsikitsitsa poyerekeza ndi petulo, ndipo malo omwetsera ali paliponse.

Malo omwetsera ndiye phiri lalikulu kuposa la Chowe. Gasi amene amagulitsidwa ku Mangochi ndi m'matauni ena ndi wa kukhitchini: munthu amabweretsa silinda, amaiika pa sikelo, amalipira makilogalamu. Thanki ya galimoto siichoka pagalimoto. Imafuna pampu yokhala ndi mita ndi kamwa yolumikiza ku galimotoyo. Thanki ya malita 80 imaloledwa kudzaza malita 64 okha, amene ndi makilogalamu pafupifupi 35, ndipo pa galimoto ya chitsanzo chija amenewo ndi makilomita 300 ndi pang'ono. Ngati womwetsa ali ku Mangochi, ulendo wopita ndi kubwera wadya kale gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa amene amatsika kunyanja masiku onse kukatenga usipa zimenezi si kanthu, poti ndi njira yake. Koma ngati womwetsa ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 200, galimoto izifika pa Chiponde thanki itatsala pang'ono kutha. Choncho asanagule chilichonse, mwini galimoto apeze wogulitsa gasi wokhala ndi chiphaso cha MERA amene ali ndi zida zomwetsera galimoto ndipo wavomera kutero. Mawu a wogulitsa zipangizo akuti "gasi apezeka" sali chitsimikizo.

Palinso china chimene eni galimoto amaiwala. Gasi wa m'dziko muno amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo amabwera pa msewu. Kusowa kwa madola kumene kumaumitsa mapampu a petulo kumathanso kuumitsa mathanki a gasi nthawi yomweyo.

Pamene njira yolongosoka ikuvuta, njira yachidule imakopa, ndipo pano ndi pofunika kunenapo mosabisa. Kumangirira silinda ya kukhitchini kumbuyo kwa mpando, kulumikiza paipi ya labala mpaka ku kabuleta, ndi chinthu chimene chingathe kuliza injini, ndipo n'chifukwa chake ndi choopsa. Silinda ya kukhitchini inapangidwa kuti iziima chilili n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono wokwanira mbaula. Injini yaikulu ikamakoka, silindayo imazizira mpaka kuchita chisanu kunja, mphamvu imagwa, ndipo galimoto imazima pamene ikufunika mphamvu kwambiri, pa chikweza chokhotakhota chochoka ku Mangochi kukwera ku Namwera, matumba ali pamwamba. Silindayo ikagona kapena kugubuduka, gasi wamadzimadzi amalowa m'paipi imene inapangidwira mpweya. Ilibe valavu yamagetsi yotseka gasi injini ikazima, ndipo ilibe chotseka chokha paipi ikaduka. Lita imodzi ya gasi wamadzimadzi ikatayika imasanduka malita oposa 250 a mpweya. Mpweyawo ndi wolemera kuposa umene anthu amapuma, choncho suuluka kupita m'mwamba. Umatsikira pansi pa mipando, m'dzenje la m'galaja, m'ngalande, n'kukhala pamenepo. Magawo awiri okha pa 100 a gasi mu mpweya ndi okwanira kuyaka. Mu galimoto ya matola, mmene wina wanyamula ndudu ndipo mawaya a batire ndi omangamanga, moto wake susowa poyambira.

Choopsa chinanso ndi kutsanulira gasi kuchoka mu silinda yaikulu kupita mu thanki kuseri kwa nyumba. Thanki yeniyeni ya galimoto ili ndi valavu imene imatseka yokha gasi akafika magawo 80 pa 100. Malo otsalawo si chinyengo cha wogulitsa. Gasi wamadzimadzi amafufuma akatentha, ndipo thanki imene yadzazidwa mpaka pakamwa m'mawa wozizira wa ku Namwera ikakaima padzuwa la October ku Mangochi imasowa popumira. Ngakhale pa tsiku labwinobwino mphamvu ya mkati mwa thanki imaposa kangapo ya mu tayala la galimoto. Makaniko aliyense amene anganene kuti achotsa kapena kupinda valavu imeneyi kuti mulowe gasi wambiri asapatsidwe ntchito.

Kwa amene masamu amukomera ndipo wapeza pomwetsa, ntchito iyambe ndi injini, osati ndi zipangizo. Gasi sachiritsa injini yodwala, amangoulula matenda ake. Amafuna moto wamphamvu kuposa petulo, choncho mapulagi, mawaya ake, koyilo ndi kapu ya distributor ziyenera kukhala zabwino. Moto ukafooka pa galimoto ya mixer, injini imatsokomolera moto kumbuyo, mpaka kung'amba bokosi la fyuluta ya mpweya. Redieta ndi mapaipi ake zikhalenso zabwino, chifukwa vaporiser imadalira madzi otentha. Galimoto imene inachotsedwa thermostat, monga amachitira amakaniko ambiri a kumadera otentha, imachedwa kutentha, ndipo imene madzi ake amachepa imaumitsa vaporiser n'kuzima. Kompuresheni iyezedwe pa silinda iliyonse ya injini ntchito isanayambe.

Nkhani ya mavalavu a injini ndi imene imadya ndalama mwakachetechete. Petulo amanyowetsa ndi kuziziritsa pokhalira mavalavu, pamene gasi ndi wouma. Pa injini zina zakale, pokhalira pamenepa pamadyeka pang'onopang'ono, valavu imamira m'hedi, mpata wa matapeti umatha, ndipo mapeto ake valavu imapsa. Zizindikiro sizioneka msanga. Chotetezera ndi kuyeza mpata wa matapeti pafupipafupi kuposa kale, kuika kabotolo ka mafuta otetezera mavalavu, ndi kusalola makaniko kuchepetsa gasi mopitirira pofuna kuti galimoto izimwa pang'ono. Gasi akachepa mu mpweya injini imatentha kwambiri, makamaka pokwera phiri ndi katundu. Mphamvu nayonso imatsika pang'ono pa galimoto ya mixer. Pa msewu wa tala sizimveka, koma pa chikweza dalaivala amazindikira, ndipo palibe cholakwika kusinthira ku petulo pamenepo. Ubwino ulipo: oyilo amachedwa kuda, utsi umachepa, ndipo gasi sagogodetsa injini chifukwa octane yake ndi yoposa 100. Palinso kaphindu kena kamene eni galimoto za matola angakamvetse msanga: gasi sapopeka ndi paipi usiku n'kukagulitsidwa m'mabotolo.

Poika thanki ndi pamene galimoto ya kumudzi imasiyana ndi ya m'tauni. Ambiri amaika thanki yozungulira ngati tayala pamalo a tayala la sipeya, kunsi kwa galimoto. M'tauni zilibe vuto. Pa njira za miyala ndi makwawa, chilichonse cholendewera pansi pa chasisi chimagunda, choncho thankiyo ikhale pamwamba kuposa malo otsikitsitsa a galimoto, ikhale ndi chitsulo choitchinga, ndipo italikirane ndi ekizozi. Sipeya nayenso afuna malo ena. Kuika thanki m'bodi ya pikiapu kumateteza ku miyala koma kumadya malo a matumba awiri kapena atatu pa ulendo uliwonse, ndipo imeneyo ndi ndalama yofunika kuilowetsa m'masamu aja. Thanki ikakhala mkati mwa galimoto yotseka, mavalavu ake akhale m'bokosi lotsekedwa bwino lopumira kunja. Thanki siwotchereredwa, imamangidwa ndi malamba achitsulo ndi mabawuti odutsa pa chitsulo cholimba.

Pogula, zipangizo zopangidwa motsatira muyeso wa ku Ulaya zimakhala ndi chidindo cha 67R-01, ndipo thanki imakhala ndi chaka chimene inapangidwa. M'maiko ambiri thanki imayezedwanso kapena kusinthidwa ikakwana zaka 10, choncho yakale yochotsedwa pa galimoto ina, yadzimbiri kapena yopanda chidindo, si yotchipa monga ikuonekera. Mayina odziwika ndi monga BRC, Lovato ndi Landi Renzo a ku Italy, komanso Impco ya ku America. Funso lofunika kuposa dzina ndi la masipeya. Labala la mkati mwa vaporiser limatha, mafyuluta amafuna kusintha, ndipo fumbi la njira za kuno silichedwa kuwatseka. Ngati kachipangizo kakang'ono kayenera kuchokera ku Johannesburg, galimoto iziyendera petulo milungu yonse yodikirayo. Ntchito ikatha, polumikizira paliponse papakidwe madzi a sopo. Thovu likatuluka, pakudontha. Fungo loipa la gasi anachita kuliikamo dala kuti mphuno izichenjeza, ndipo likamveka injini izimitsidwe, zitseko zitsegulidwe, valavu ya pa thanki itsekedwe.

Mapepala asasiyidwe kumapeto. Malonda a gasi m'dziko muno ali pansi pa MERA motsatira lamulo la 2004 la mafuta ndi gasi, ndipo za kuyenera kwa galimoto pamsewu zili m'manja mwa nthambi ya Road Traffic. Mwini galimoto afunse ku maofesi awiriwa asanaboole chitsulo chilichonse, ndipo yankho alitenge lolembedwa. A inshulansi nawonso auzidwe mwa kalata, chifukwa galimoto imene yasinthidwa iwo osadziwa ndi chifukwa chokwanira chokanira kulipira moto ukachitika. Amene amawoloka kupita ku Mandimba, ku Cuamba kapena ku Lichinga akhale ndi mapepala a thanki m'galimoto, poti thanki yachilendo pa chipata imadzutsa mafunso.

Dziko lino linayesapo kale njira ina yochepetsera petulo, ndipo mwini galimoto yakale angaphunzirepo kanthu. Kuyambira 1982 kampani ya Ethco ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amasakanizidwa mu petulo wa pa pampu. Cha m'ma 2006 ndi 2007, akatswiri a ku Lilongwe Technical College anasintha Mitsubishi Pajero kuti iziyendera ethanol, ndipo inayenda ulendo wautali woyesera popanda vuto lalikulu. Injini inavomera. Koma zaka zonsezi zapita, dalaivala wa pa Chiponde sangapeze pampu ya ethanol yekhayekha pa njira yake, chifukwa nkhani za mtengo, kuchuluka kwa ethanol ndi malo omwetsera sizinayende liwiro la amakaniko.

Amene gasi angamukomere pakali pano ndi munthu wa galimoto ya petulo yomwa kwambiri, woyenda mtunda wautali mlungu uliwonse, pa njira imodzimodzi yodutsa pa womwetsa wovomerezeka. Eni galimoto angapo atagwirizana akhoza kukambirana ndi kampani ya gasi za thanki yaikulu ndi pampu pamalo amodzi, koma zimenezo zimafuna chiphaso, malo otalikirana ndi nyumba za anthu, ndi mpamba woposa wa galimoto imodzi. Kwa ena onse, ndalama yochepa kwambiri ingabweze malita angapo pa ulendo uliwonse: kukonza kabuleta, kusintha mapulagi ndi fyuluta ya mpweya, kupopa matayala pa muyeso wake, kumasula mabuleki ogwira, ndi kumasula mahabu a kutsogolo galimoto ikangokwera pa tala wa Bakili Muluzi Highway.